Dzimbiri pa magazini achitsulo a mfuti: kulichotsa osadya chitsulo

Pa ziwalo zonse za mfuti, magazini, kabokosi kolowetsamo zipolopolo, ndi imene imagwiridwa kwambiri ndi manja a thukuta. Imagwa pansi, imagona m'kachikwama konyowa, koma pa nthawi yotsuka ndi imene imakumbukiridwa pomaliza. Munthu amapukuta mpope wa mfuti mpaka kung'anima, magazini n'kungoiponya m'bokosi. Tsiku limene mfuti yakana kulowetsa chipolopolo, amayamba kukayikira mfutiyo, chonsecho vuto lili m'magazini imene yachita dzimbiri mkati.

Kuchotsa dzimbiri pakokha si kovuta. Chovuta ndi kulichotsa n'kusiya chitsulo chili pa muyezo wake, khungu lake loteteza lisanasupuke, sipuling'i ikadali ndi mphamvu. Magazini yadzimbiri nthawi zambiri imapulumuka, koma imene yapalidwa ndi sandipepa wokhakhala, gilayinda kapena asidi wamphamvu sibwereranso mwakale. Chitsulo cha magazini ambiri, monga a AK, n'chopyapyala, milimita imodzi kapena kucheperapo. Palibe chitsulo chapadera choti mupalepo. Choncho yambani ndi njira yofatsa kwambiri, ndipo mupite ku yaukali pokhapokha yofatsayo italephera.

Kumene dzimbiri limachokera

Chitsulo chimachita dzimbiri chikakumana ndi madzi ndi mpweya wa okosijeni pamodzi. Madziwo sachita kufunika ambiri. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira maperesenti 60, pachitsulo pamakhala kachinyontho kosaoneka ndi maso, ndipo kameneko n'kokwanira. Pakakhala mchere zinthu zimathamanga, chifukwa mchere umakoka chinyezi. Ndiye chifukwa chake mumatha kupeza chidindo cha chala chanu chitajambulika ndi dzimbiri pambali pa magazini, mizere yonse ikuoneka bwinobwino: thukuta lili ndi mchere.

Pali mchere wina umene ambiri saudziwa. Zipolopolo zakale za asilikali, makamaka zambiri za 7.62x39, 7.62x54R ndi .303 zakale, zili ndi primer yokhala ndi potassium chlorate. Primer ndi kachitsulo kozungulira kumunsi kwa chipolopolo kamene kamayatsa wonga. Ikaphulika imasiya mchere wa potassium chloride, ndipo utsi umaunyamula n'kuusiya mumpope komanso pamwamba pa magazini, pamilomo yogwira chipolopolo choyamba ndi pa follower, kachiwalo kamene sipuling'i imakankha kuti kakweze zipolopolo. Oyilo sasungunula mcherewu. Mukangopaka oyilo pamwamba pake, mwangouphimba, ndipo umapitiriza kukoka chinyezi pansi pa oyiloyo. Chimene chimauchotsa ndi madzi, makamaka otentha. Zimamveka zachilendo kuti mankhwala a chitsulo akhale madzi, koma pa mchere umenewu palibe njira ina yabwino kuposa imeneyi.

Dzimbiri lofiira ndi loipa pa zifukwa ziwiri. Ndi lofumbutuka, lili ndi timabowo, motero limasunga chinyezi n'kumachipereka kuchitsulo chili pansi pake. Komanso limatupa, limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya. Mkati mwa magazini, mmene mpata wa zipolopolo ndi wongokwanira, kutupa pang'ono komanso kukhakhala kumachititsa kuti follower izikakamira pokwera.

Ndipo limayambira kobisika, ngati chiswe chimene chimasiya kunja kwa thabwa kukuoneka bwino mkati mutatha. Yang'anani m'tinjira mmene chotsekera cha pansi chimatsetserekamo, m'misoko mmene zitsulo ziwiri zinaphatikizidwa n'kuwotcherera, m'ngalande za nthiti zolimbitsa thupi la magazini, m'makona a mkati, ndi pa sipuling'i pamene mawaya ake amagundana.

Musanagwire bulashi

Tulutsani zipolopolo zonse, muziike kutali ndi pamene mukugwirira ntchito. Oyilo, acetone (mankhwala osungunula mafuta) ndi madzi otentha siziyenera kuyandikira zipolopolo.

Kenako tengani maginito. Akagwira, ndi chitsulo. Akapanda kugwira, mwina ndi aluminiyamu, monga magazini ambiri a M16 ndi ena a G3, ndipo zimene zalembedwa pano sizikuikhudza. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira, amachita kaufa koyera, ndipo steel wool kapena soda wochapira amamuwononga. Mitundu ina ya stainless steel nayonso sigwira maginito kwenikweni.

Dziwaninso khungu limene magazini yanu inavekedwa, chifukwa ndilo limakuuzani mankhwala oyenera. Bluing ndi yosalala, yakuda mobiriwira pang'ono, ndipo imawala. Kwenikweni nayonso ndi mtundu wa dzimbiri, lakuda, lotchedwa magnetite, lopyapyala kwambiri ndi lomamatira zolimba. Tanthauzo lake n'lakuti mankhwala aliwonse ochotsa dzimbiri amachotsanso bluing. Parkerizing ndi yotuwa kapena yakuda, yosawala, yokhakhala pang'ono mukaigwira. Ndi phosphate wa manganese kapena zinc, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusunga oyilo m'timabowo take. Ena ndi opakidwa penti, nthawi zina pamwamba pa phosphate. Pa magazini yapenti, samalani ndi matuza: penti akatupa, pansi pake pali dzimbiri limene lafalikira kuposa mmene likuonekera.

Kumasula

Valani magalasi oteteza maso. Sipuling'i ya magazini ya zipolopolo 30 ndi yaitali kuposa magaziniyo, ndipo ikapulumuka m'manja imauluka ndi kachitsulo kumapeto kwake. Pa magazini ambiri, pansi pali kabatani kapena kachitsulo kotulukira pabowo la chotsekera. Kadinikizeni ndi kachitsulo kosongoka, kankhani chotsekera chitsetsereke, chala chachikulu chikutsatira m'mbuyo mwake kugwira sipuling'i, kenako muilole ituluke pang'onopang'ono. Isanatuluke yonse, onani mmene yalozera ndi mmene yakolekera pa follower, kapena jambulani chithunzi. Sipuling'i yobwezeredwa chozondoka imapendeketsa follower.

Chotsekera chikamatirira ndi dzimbiri, musachimenye ndi hamala yachitsulo. Donthezani oyilo wolowerera kapena parafini m'tinjira take, siyani usiku wonse, mawa lake mugogode pang'onopang'ono ndi kamtengo. Mukachikanula ndi sikuludilaiva mumapinda milomo yake ndipo sichidzagwiranso bwino. Magazini ena a mfuti zazing'ono zam'manja, monga a 1911 akale, pansi pake ndi powotcherera ndipo satseguka. Pamenepo mumatsitsa follower, n'kupanikiza sipuling'i ndi kamsomali kolowetsa pabowo la m'mbali, follower n'kutulukira pamwamba.

Tsukani ziwalo zonse muchotse oyilo wakale, girisi ndi mwaye. Madzi otentha ndi sopo wotsukira mbale amagwira ntchito bwino, ndipo amachotsanso mchere uja. Mswachi wakale umafika m'makona, ndipo bulashi yotsukira mabotolo imafika mkati. Girisi wolimba wosungira zida, monga Cosmoline, amafewa ndi madzi otentha kapena parafini. Umitsani msangamsanga. Pokhapokha chitsulo chitayera m'pamene mumaona kukula kwa vuto. Nthawi zina zimene mumayesa dzimbiri amakhala oyilo wouma wosakanikirana ndi fumbi.

Dzimbiri la pamwamba

Ngati ndi timadontho tofiirira kapena kaufa kamene kamatsalira pa nsalu mukapukuta, oyilo ndi steel wool wa 0000 n'zokwanira. Nambala imeneyi ndi yofunika: 0000 ndi wosalala kuposa onse. Wotsukira mapoto ndi wokhakhala, wina amakhala ndi sopo mkati, ndipo amakanda bluing nthawi yomweyo.

Pakani oyilo wa mfuti mokwanira pamalo adzimbiri, musiye kwa ola limodzi kapena usiku wonse kuti dzimbiri lifewe. Kenako pukutani mopepuka, motsatira utali wa magazini, osadinikiza. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Chimene chimakanda bluing kwambiri si steel wool weniweniyo, koma tizidutswa ta dzimbiri timene tachoka, chifukwa dzimbiri lokha ndi lokhakhala. Oyilo akasanduka matope ofiira, matopewo ndi sandipepa wamadzi. Apukuteni ndi nsalu pafupipafupi, tembenuzani steel wool mugwiritse mbali yoyera, thirani oyilo watsopano.

Pamene dzimbiri latukuka n'kupanga kankhanambo, kapaleni ndi kachidutswa ka kopa weniweni kapena bulasi. Zitsulo zimenezi n'zofewa kuposa chitsulo cha magazini, ndiye zimathyola nkhanambo osakanda pansi pake. Zimasiya kamzere kofiirira kapena kachikasu, koma kamachoka ndi oyilo. Chenjerani ndi zokwechera zooneka ngati kopa: zambiri ndi chitsulo chokutidwa ndi kopa pamwamba pokha. Maginito adzakuuzani.

Pa parkerizing ine ndimasankha bulashi ya nayiloni kapena ya bulonzi m'malo mwa steel wool, chifukwa steel wool amasalaza khungulo n'kusiya malo owala, komanso tinyenyeswa take timakodwa m'timabowo n'kudzachita dzimbiri patokha. Pa stainless steel chimodzimodzi. Kulikonse kumene mwagwiritsa steel wool, dutsitsani maginito okutidwa ndi nsalu kapena puzirani ndi mpweya kuti tinyenyeswa tisatsale m'misoko.

Kuwiritsa

Njira iyi ndi imene ndimaikonda kuposa zonse pa magazini a bluing, ndipo ndi yosadziwika kwa ambiri. Dzimbiri lofiira likawiritsidwa m'madzi oyera limasanduka magnetite, dzimbiri lakuda lija la bluing. Umu ndi mmene amisiri a mfuti akhala akudetsera zitsulo kuyambira kale: amachititsa chitsulo dzimbiri mwadala, n'kuchiwiritsa, n'kupukuta, mobwerezabwereza. Ubwino wake ndi wakuti simuchotsa bluing imene yatsala, simupala chitsulo chabwino, ndipo madzi owira amafika m'misoko ndi m'timaenje mmene bulashi singafike.

Choyamba chitsulo chikhale chopanda oyilo n'komwe. Mutatsuka ndi sopo, pukutaninso ndi acetone, ndipo kuchokera pamenepo muzichigwira ndi magolovesi. Oyilo wotsala amayandama pamwamba pa madzi, n'kumata pachitsulo pamene mukuchivuula, ndipo amasiya mawanga. Gwiritsani madzi a distilled, onga othira m'batire, kapena madzi a mvula osefedwa bwino. Madzi a mchere wambiri amasiya zoyera pachitsulo. Poto akhale wa ntchito imeneyi yokha, osati wophikira, ndipo akhale wamkulu moti magazini imire yonse. Ipachikeni ndi waya kuti isagone pansi pa poto. Follower yapulasitiki musaiikemo.

Madzi akawira, siyani magazini mmenemo mphindi 20 mpaka 30. Mukaivuula, kutentha kwake komwe kumaiumitsa m'masekondi ochepa. Ikutumuleni kuti madzi a m'misoko atuluke. Mudzaona pamene panali pofiira pada bii, ndipo pamwamba pali kaufa kakuda konga mwaye. Kaufako ndi kosagwira, kayenera kuchoka. Kapukuteni ndi steel wool wa 0000 wouma, amene mwayamba mwamuviika mu acetone, chifukwa steel wool amabwera atapakidwa oyilo kufakitale. Pansi pa kaufako mupeza chitsulo chakuda chosalala.

Ngati pansi pa nkhanambo patulukanso zofiira, ndiye kuti madzi sanafike pansi penipeni. Wiritsaninso. Kawiri kapena katatu n'kokwanira pa magazini ambiri. Zofiira zikatha, mizani magaziniyo mu oyilo wopepuka kapena muipake mokwanira, isiyeni tsiku lathunthu musanaipukute. Khungu latsopanoli limakhala laludzu, ndipo mukalisiya louma usiku umodzi wokha mudzapeza layambanso kufiira.

Madigiri 100 a madzi owira sangafewetse chitsulo cha magazini. Chimene chimafewetsa ndi moto wa gasi wowotcherera kapena kuika magazini pamakala pofuna kuiumitsa msanga. Milomo ikapsa mpaka kusintha mtundu, kulimba kwake kwasintha. Pa magazini yapenti, kuwiritsa kumatha kusendetsa penti amene anali atayamba kale kutukuka. Komanso kuwiritsa sikudzaza maenje. Dzenje limene dzimbiri linakumba limatsala, koma lakuda ndi losapitirira.

Dzimbiri likakhala lokhuthala

Pali magazini ena amene afiira paliponse ndipo khungu loti muliteteze palibenso. Pamenepo mankhwala ochotsa dzimbiri ndi oyenera, bola mudziwe kuti mutuluka ndi chitsulo chamaliseche chimene muyenera kuchiveka khungu lina tsiku lomwelo.

Ofatsa kwambiri ndi mankhwala onga Evapo-Rust, amene si asidi wamphamvu ndipo amagwira dzimbiri osadya chitsulo chabwino kwenikweni. Mizani magazini yonse. Mbali ina ikatsala kunja, pamalire a madziwo pamatsala mzere wosafufutika. Maola angapo kapena usiku umodzi ndi okwanira, ndipo kukazizira amachedwa. Amachotsa bluing ndi parkerizing yomwe. Kakhungu kotuwa kamene kamatsala pamwamba kamachoka ndi bulashi ndi madzi.

Viniga wa maperesenti 5 kapena asidi wa citric amachotsanso dzimbiri, koma akamaliza dzimbiri sasiya, amapitiriza kudya chitsulo. Muziivuula ola lililonse kapena maola awiri, kukwecha ndi bulashi, n'kuona. Musaiiwale mmenemo masiku. Vuto lalikulu la asidi pa magazini ndi misoko: amalowa pakati pa zitsulo zophatikizana, n'kumadzatuluka pang'onopang'ono pambuyo pake ngati mzere wa dzimbiri. Choncho mukamaliza, tsukani, viikani m'madzi a soda wophikira, supuni yaikulu imodzi pa lita imodzi, kwa mphindi 10 kapena 15, tsukaninso, kenako muwiritse m'madzi oyera kuti misoko itsukike ndi kuuma. Chitsulo chotuluka mu asidi chimafiira m'mphindi zochepa mukachisiya chonyowa.

Asidi wa hydrochloric ndi asidi wa m'batire musawayese n'komwe. Wa hydrochloric amasiya chloride m'timaenje, ndipo nthunzi yake imachititsa dzimbiri zida zonse zimene zili m'chipindamo.

Njira ya magetsi imagwiranso ntchito. M'ndowa yapulasitiki sungunulani soda wochapira, sodium carbonate, supuni yaikulu imodzi pa malita 4 a madzi. Waya wakuda wa tchaja ya batire ya mavoti 12, wa negative, upite ku magazini; wofiira upite ku chidutswa cha chitsulo wamba chotha ntchito. Mukasemphanitsa, magazini ndi imene imadyedwa. Ziwirizi zisagundane, ndipo chopanira cha waya wofiira chisamire m'madzi. Chitsulo choperekedwa nsembecho chisakhale stainless steel, chifukwa chimatulutsa chromium yapoizoni m'madzi. Musathire mchere wa patebulo, umatulutsa mpweya wa chlorine. Thovu limene limatuluka pa magazini ndi hydrogen, amene amayaka, ndiye chitirani pamalo opita mphepo, kutali ndi moto. Chofooka cha njirayi n'chakuti imatsuka bwino mbali imene yayang'anizana ndi chitsulo chinacho. Mkati mwa magazini simuyera pokhapokha mutalowetsamo kandodo kachitsulo kotchingidwa ndi timphete ta pulasitiki kuti kasakhudze makoma.

Sipuling'i ndi milomo

Sipuling'i musaiike mu asidi kapena m'ndowa ya magetsi. Njira zonse ziwiri zimatulutsa hydrogen amene amalowa m'chitsulo cholimbitsidwa n'kuchichititsa kuti chizithyoka mosapereka chizindikiro. Ipukuteni ndi nsalu ya oyilo, waya ndi waya, ndi steel wool wa 0000 pamene pafiira. Kenako iyang'aneni powala, makamaka m'makona mmene waya amapindika. Mukapeza kadzenje kamene chikhadabo chikukodwamo, sipuling'iyo yatha. Waya ndi wochepa, ndipo nthawi iliyonse akapanikizidwa mphamvu yonse imasonkhana pa kadzenjeko mpaka kuthyoka. Iyerekezeninso ndi yatsopano ya mtundu womwewo. Ikafupika moonekeratu kapena ikapindika, isintheni. Pa ziwalo zonse za magazini, sipuling'i ndi imene sindiona chifukwa choilimbikira kuipulumutsa.

Milomo, timapiko tiwiri ta pamwamba timene timagwira chipolopolo choyamba, ndi imene imalamula ngodya imene chipolopolo chimalowera mumpope. Kusintha kochepa pamenepa kumabweretsa zipolopolo ziwiri nthawi imodzi, kapena chipolopolo cholasa mmwamba kapena pansi. Musaigwire ndi tupa kapena sandipepa, ndipo musaipane mu vayisi. Ngati muli ndi caliper, kachipangizo koyezera mipata molondola, yezani mpata wa pakati pa milomo kutsogolo, pakati ndi kumbuyo musanayambe ntchito ndi mutamaliza, muyerekeze ndi magazini ina ya mtundu womwewo imene ikugwira bwino. Kunsi kwa milomo, kumene chipolopolo chimatsetsereka, kukhale kosalala. Kukakhala kokhakhala mudzaona mikwingwirima yaitali pa zikhokhombe za zipolopolo. Yang'ananinso makona a kumbuyo kwa milomo, kumene ming'alu imakonda kuyambira, ndi pamene chogwirira cha mfuti chimakola magazini.

Walitsani tochi mkati muli m'chipinda chamdima. Kuwala kukatulukira pa kabowo ka dzimbiri, kapena khoma likabonyoka mukalidinikiza ndi chala, kapena msoko ukayamba kukanuka, magaziniyo isabwererenso pa mfuti. Iphwanyeni kuti isadzasakanikirane ndi abwino. Timaenje tosazama m'mbali mwa thupi ndi nkhani ya maonekedwe chabe.

Kuveka khungu lina

Mankhwala a cold blue amadetsa chitsulo m'masekondi ochepa ndipo ndi abwino pobisa timalo ting'onoting'ono, koma chitetezo chake n'chochepa kwambiri. Ali ndi selenium, amene ndi poizoni, ndiponso ndi asidi; mukapanda kutsuka ndi madzi n'kupaka oyilo, malo omwewo amachita dzimbiri mawa lake. Parkerizing yatsopano ndi yabwino koposa, koma imafuna chitsulo choyeretsedwa ndi mchenga wopopera ndi mankhwala otenthetsedwa pafupifupi madigiri 90, ndiye ndi ntchito ya mmisiri amene ali ndi zipangizo. Penti wopopera ndi wosavuta: chotsani oyilo ndi acetone, yambani ndi penti woyambira wa pachitsulo, kenako poperani mopyapyala kawiri. Mkati musapakemo penti. Mbali ya kumtunda imene imalowa m'mfuti ikhale yopyapyala kwambiri, apo ayi magazini imathina polowa ndi potuluka. Dikirani masiku angapo kuti penti alimbe musanaigwiritse ntchito.

Oyilo: kunja ndi mkati n'kosiyana

Kunja, pakani oyilo wa mfuti ndi nsalu, musiye kakhungu kopyapyala koti chala chikadutsa chisanyowe. Parkerizing imamwa oyilo wambiri. Ipakeni mokwanira, dikirani mphindi 30, pukutani wotsala. Phula ndi labwino kuposa oyilo pa magazini amene amagwiridwa kawirikawiri, chifukwa silichoka msanga ndi manja ndipo silikola fumbi. Renaissance Wax kapena phula lililonse lopaka lopanda mchenga wopukutira likwanira: pakani pang'ono pachitsulo choyera, liume, pukutani.

Mkati ndi nkhani ina. Oyilo wambiri mkati amakola fumbi, mchenga ndi mwaye n'kupanga phala limene limagwira follower, ndipo oyilo wolowerera akakhalitsa pa zipolopolo angathe kufika mu primer n'kuipha. Dutsitsani nsalu ya oyilo pang'ono mkati kamodzi, kenako dutsitsani youma kawiri. Pooneka pakhale pouma, kungotsala kakhungu kosaoneka chabe. Sipuling'i chimodzimodzi. Kumalo a fumbi ndi mchenga wambiri, phula lopukutidwa bwino mkati limaposa oyilo.

WD-40 ndi wabwino pothamangitsa madzi m'misoko mutangotsuka, koma amauma n'kusiya kakhungu kochepa, ndiye musamudalire posunga miyezi. Mafuta ophikira amanata akakhalitsa. Oyilo wotha ntchito wa mu injini ali ndi zinyalala ndi asidi. Girisi wokhuthala ndi wa magazini amene mukusunga zaka opanda zipolopolo, ndipo ayenera kutsukidwa yense musanaikemo chipolopolo.

Mukabwezera ziwalo, kankhani follower ndi kamtengo mpaka pansi n'kuilola ikwere. Iyende mosakodwa paliponse. Yesani ndi zipolopolo zoyeserera zopanda wonga, ndipo magazini yokonzedwa muiyese kaye pamalo oombera musanaidalire.

Kusunga

Zimene zimapha magazini posunga ndi zinthu zooneka ngati zoteteza. Chikopa chimasunga chinyezi ndipo chimakhala ndi mankhwala ofufutira amene amadya chitsulo. Tizikwama ta kanvasi, siponji ya m'mabokosi onyamulira mfuti, makatoni ndi nyuzipepala zonse zimamwa chinyezi n'kuchigoneka pachitsulo. Zimenezi n'zonyamulira, osati zosungira. Bokosi lisakhalenso pa simenti kapena kutsamira khoma lozizira.

Cholinga chikhale chinyezi chosapitirira maperesenti 50, ndipo kachipangizo koyezera chinyezi kamakuuzani zoona m'malo mongoganizira. Bokosi lachitsulo la zipolopolo lokhala ndi mphira pachivundikiro ndi labwino, koma kumbukirani kuti limatsekera mkati chilichonse chimene mwaikamo. Mukatsekeramo magazini yonyowa kapena mpweya wa tsiku lamvula, mwapanga malo abwino a dzimbiri. Ikanimo silica gel, timibulu tokoka chinyezi. Magalamu 40 amakwanira bokosi laling'ono. Gulani wosintha mtundu akakhuta, wa olenji amene amasanduka wobiriwira kapena wabuluu amene amasanduka pinki, ndipo mumuumitse mu uvuni pa madigiri 120 kwa maola awiri kapena atatu. Timapaketi topezeka m'mabokosi a nsapato timakhala titakhuta kale. Mapepala ndi matumba a VCI amatulutsa nthunzi yoteteza chitsulo imene imafika ngakhale mkati mwa magazini, koma amagwira ntchito pamalo otsekedwa okha ndipo mphamvu yake imatha pakapita nthawi. M'kabati yaikulu yokhoma, kandodo kamagetsi kotenthetsa mpweya pang'ono, monga GoldenRod, kamathandiza kuti chinyezi chisagwe pachitsulo.

Ambiri amafunsa ngati kusunga magazini ili ndi zipolopolo kumafooketsa sipuling'i. Sipuling'i yabwino imatopa ndi kupanikizidwa n'kumasulidwa mobwerezabwereza, osati ndi kungokhala yopanikizika. Vuto la magazini yodzaza ndi lina: simuona mkati. Zipolopolo za zikhokhombe zachitsulo zimachita dzimbiri n'kumamatira kukhoma, ndipo zabulasi zimachita zobiriwira pakakhala chinyezi. Tsatirani malamulo a dziko lanu pa kasungidwe, ndipo ngati mumasunga ina yodzaza, muziitsitsa miyezi itatu iliyonse n'kuyang'ana mkati.

Magazini ikanyowa ndi mvula, imasuleni tsiku lomwelo. Kupukuta kunja kokha sikuthandiza, madzi amakhala pansi pa chotsekera. Ikagwera m'madzi a m'nyanja ya mchere, yambani mwaitsuka ndi madzi abwino ambiri musanaganize za oyilo. Mukaichotsa kozizira n'kulowa nayo m'chipinda chofunda imachita thukuta; idikireni ifunde, kenako muipukute. Ndipo pobwezera m'bokosi, chomaliza kuikhudza chikhale nsalu ya oyilo, osati dzanja.

Lembani nambala pa magazini iliyonse ndi cholembera cha penti, osati pozokota chitsulo, chifukwa kuzokota kumadula khungu loteteza. Nambalayo imakuthandizani kudziwa imene munaikonza ndi imene ikuvuta poombera. Magazini imene mwangoichotsa dzimbiri muiyang'anenso pakatha milungu iwiri, makamaka m'misoko ndi pansi pa timaenje. Mukaona kamzere kofiira kakutuluka pamsoko, ndiye kuti mchere kapena asidi anatsalira mkati, ndipo kuwonjezera oyilo sikungathandize. Chotsani oyilo yense ndi acetone, muiwiritsenso m'madzi atsopano mphindi 30, kenako mudonthezere oyilo wopepuka pamsokowo chitsulo chikadali chofunda kuti alowe mpaka mkati.